PSP ya alamu anga: akuti ifunika chip, kodi n'zoona?

Wometa_Kapata

Muli bwanji nonse a m'gulu lino. Ine ntchito yanga ndi yometa, ndili ndi kababashopu kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Makina ometera ndimawadziwa, ndikhoza kuwamasula n'kuwamanganso ndili chitsinzinire, koma za magemu ndine mlendo. Safunsa anadya phula, ndiye mundipirire.

Alamu anga amene ankagwira ntchito ku Johannesburg abwerera kumudzi, ndipo pomasula katundu wawo panatuluka PSP yakuda, kamakina ka Sony kosewerera magemu m'manja. Akuti anagula kalekale akali mnyamata, anandipatsa kuti mwina ana angasewere nayo. Pa kapepala ka pansi pake palembedwa PSP-3004. Mnyamata wina wodzameta anandionetsa polowera mu System Information, pamenepo pakuti 6.20, nambala ya pulogalamu yoyendetsa PSP imene amati firmware. Ikakhala pa chaja ikuyaka bwinobwino, sikirini ilibe mng'alu, mabatani onse akumva. Kaja kozungulira ka kumanzere, kamene amati analogi, ndiko nthawi zina kamakokera pansi kokha popanda wokakhudza.

Zovuta zake ndi izi. Batire latupa mpaka chivundikiro sichitseka, alamu anachita kumanga ndi selotepu, ndipo ukangochotsa chaja imazima pompo. Disiki ilipo imodzi yokha, ya FIFA, koma ukaiika imangolira khwee khwee kenako zii, pa sikirini sipaoneka kanthu. Memori khadi yake ndi ya 1GB, yamtundu wautali uja umene sindinauonepo pa foni iliyonse.

Chimene ndikuifunira si ine ayi. Mukudziwa mmene malaiti akhala akuvutira kuyambira chilala cha 2024. Akapita ine ndimametabe chifukwa ndinagula makina ochaja, koma TV imazima, ndipo ana amene amabwera ndi amayi awo Loweruka sakhazikika pa benchi. Wina alira, wina watuluka kuthamangira njinga pamsewu. Ndiye pali mwana wanga wa Giredi 6 amene akaweruka kusukulu amafuna foni yanga, pomwe foniyo ndi yolandirira ndalama za makasitomala. Maganizo anga ndi oti PSP izikhala pa benchi, foni ipume.

Ndinapita nayo kwa wina wokonza zamagetsi m'tauni, sindimutchula. Sanaitsegule n'komwe. Anangoti disiki drive yafa, ndiye ifunika kuika chip ndi kufulasha, kutanthauza kusintha pulogalamu yake ya m'kati, kuti magemu aziwerengedwa pa khadi. Mtengo umene anatchula ndi ndalama yoti ndimete mitu ya sabata yonse. Anawonjezanso kuti ikafa pofulasha si mlandu wake. Mawu amenewo ndiwo anandibweza.

Tsono akuluakulu, chip imeneyi ndi yofunikadi? Kufulasha ndingachite ndekha ndi laputopu ya mlongo wanga? Nanga malaiti akapita ntchito ili pakati, ndiye kuti yatha basi?

Wamafoni_Katete

Akulu, mwachita bwino kubwerera nayo. PSP-3000 siifuna chip ina iliyonse. Amene anakuuzani zimenezo mwina sadziwa, mwina amadziwa koma anaona kuti inu simudziwa. Chip ya PSP inalipodi cha m'ma 2006, ya mtundu woyamba uja wonenepa wa 1000, ndipo inkafuna kuwotcherera timawaya tambiri. Anthu anaisiya kalekale. Lero zonse ndi mafayilo oika pa khadi, simumasula sikuluwu ngakhale imodzi.

Ndifotokoze pang'ono chifukwa chake, kuti mantha achepe. Sony inapanga PSP mu 2004 kuti izingovomera mapulogalamu okhala ndi siginecha ya kampaniyo. Kwa zaka zambiri anyamata okonda kusokonyola ankasaka timipata tolowera, Sony n'kutseka ndi update, iwo n'kupeza pena. Panali wina wa ku Spain wotchuka ndi dzina loti Dark_AleX amene ankatulutsa ma custom firmware, mapulogalamu osinthidwa olola PSP kutsegula zimene Sony sinasaine, panalinso batire la Pandora la mu 2007 limene linkadzutsa PSP yakufa. Koma kuchiyambi kwa 2011 makiyi osainira aja anadziwika, ndiye kuyambira pamenepo munthu akhoza kulemba pulogalamu yake PSP n'kuilandira ngati yochokera kwa eni ake. Update yomaliza ndi 6.61 ya mu 2015, ndipo palibenso ina ikubwera yodzatseka khomo.

Koma musathamangire za mafayilo. Yambani ndi batire, lero lomwe. Chotsani selotepuyo, tulutsani batirelo ndipo musalichajenso. Batire la lithium likatupa ndiye kuti m'kati mwadzaza mpweya, likhoza kuyaka, ndipo inu muli ndi spirit ndi thonje m'shopu. Musaliboole ndi singano kuti liphwe, ndaonapo anthu akuchita zimenezo, ndiponso musalitaye pomwe amatayira phulusa la mbaula. PSP imayaka ndi chaja yokha popanda batire, ndiye poyesa zinthu zina gwiritsani ntchito chaja.

Batire la 3000 ndi limodzimodzi ndi la 2000, la 3.6V, 1200mAh. La 1000 ndi la 1800mAh koma ndi lonenepa, limalowa koma chivundikiro sichitseka. Mukaona lolembedwa 3600mAh pa kukula komweko, dziwani kuti nambalayo ndi yokometsera malonda. Ine chimene ndimakonda kuchita ndi kung'amba bwinobwino chikhokho cha batire lakale, kusunga kabodi kake ka m'kati, n'kuwotcherera selo yatsopano ya 3.7V yokwana pamalopo. Kabodi koyambirira kaja kamalankhulana bwino ndi PSP kuposa ka mabatire otchipa. Koma imeneyo ndi ntchito ya munthu wozolowera kuwotcherera, musayese ndi lumo la m'shopu.

Funso lanu la malaiti yankho lake lili pa batire pomwepo. Nthawi yoopsa ndi imodzi yokha, pamene PSP ikulemba mu flash, memori yake ya m'kati momwe mumakhala firmware, monga popanga update kuchoka pa 6.20 kupita pa 6.61. Ikazima pamenepo imasanduka chimene timati brick: kagetsi kobiriwira kayaka, sikirini bii, kenako kazima. Ndipo pa 3000 Pandora wakale uja sagwira. N'chifukwa chake update imakana kuyamba batire likakhala lochepa mphamvu. Mukakhala ndi batire labwino lodzaza, chaja ili m'malo, malaiti akhoza kupita, ntchito ipitirira. Ndi mphindi zochepa chabe.

Kachitidwe kake: khadi muifomate mu PSP momwemo, pa System Settings pali Format Memory Stick. Lumikizani ku laputopu ndi chingwe cha mini USB, osati cha mafoni a Android, koma chija chokulirapo kumutu cha makamera akale kapena cha padi ya PS3. Fayilo ya update ya 6.61 dzina lake ndi EBOOT.PBP, imakhala mu foda ya PSP, m'kati mwake GAME, m'kati mwakenso UPDATE. Onetsetsani kuti si ya PSP Go, chifukwa Go ili ndi yakeyake. Mukamaliza, ikani custom firmware yotchedwa ARK-4, kapena ina yotchedwa PRO ngati ndi imene mwaipeza, zonse ndi zaulere. ARK imabwera ndi mafoda awiri, ARK_01234 yopita mu SAVEDATA ndi ARK_Loader yopita mu GAME. Mukatsegula loader ija pa Game, PSP izima n'kuyakanso yokha, basi yatheka.

Ikaikidwa motere si yokhazikika. Mukazimitsiratu PSP imabwerera mwakale, muyenera kutsegulanso loader, masekondi ochepa. Mukangoigoneka pokankha switch pang'ono, imakhalabe. Ilipo njira yoti ikhazikike, ya Infinity, koma imeneyo imalemba mu flash. Kwa inu ndinganene kuti yambani ndi yosakhazikikayo, palibe chingafe.

Chinanso, musakhulupirire msanga kuti drive yafa. Tengani disikiyo muiyang'ane pa dzuwa. Disiki ya PSP, imene timati UMD, ili m'kachikhokho koyera kokhala ndi pulasitiki yoonekera pamwamba. Pulasitiki imeneyo imamatuka n'kugwera m'kati, n'kumakanikiza disiki kuti isazungulire. Khwee khwee amene mukumvayo nthawi zambiri ndi ameneyo. Mutiuze chimene mwaona.

Jay_Navutika

Madala, ine ndinene mosabisa, mukuvutikira chani? Chinthu cha 2008 chimenecho. Batire mugule, khadi mugule, adaputa mugule, analogi yayamba kale kukoka. Pezani foni ya Android yogwiritsidwapo kale ntchito, ngakhale yong'aluka kumbuyo, muikemo PPSSPP, emulator ya PSP, ndiye kuti pulogalamu yotsegula magemu a PSP pa foni. Ndi yaulere pa Play Store, yakhalapo kuyambira 2012, ndipo magemu a PSP amaoneka bwino pa foni kuposa pa PSP yeniyeniyo chifukwa sikirini ya PSP ndi 480 kwa 272 chabe. Anyamata onse kuno ndi mmene tikumenyera mpira. Gemu ya mpira ya PES yomaliza pa PSP inali ya 2014, koma pali anthu amene amaikonza chaka ndi chaka, kusintha ma jezi ndi osewera, moti umapeza matimu a sizoni ino.

Ngati mukufuna cha mabatani, pali timakina ta magemu tija ta ku China, R36S. Mnzanga anabwera nako kuchokera ku Lusaka. Kali ndi Linux m'kati, sikirini ya mainchi 3.5, kamabwera kali ndi magemu akale odzaza. Kungoti khadi imene amaikamo ndi yachabechabe, imafa msanga, uyenera kukopera zonse pa khadi ina usanayambe kusewera. Ndipo magemu olemera a PSP kamachita nawo chibwibwi, zimenezo ndivomere. Koma a PS1 ndi a Game Boy ndi mwaa.

PSP yo isungeni m'kabati, ikhale chikumbutso cha alamu.

Aphunzitsi_Lundazi

Jay mwanawe, ukuyankha funso limene sanafunse. Bambowa anena kuti akufuna foni ichoke m'manja mwa mwana, iwe ukuti agule foni ina. Foni ikakhala ndi PPSSPP imakhalanso ndi TikTok, ndi Facebook, ndi zonse zimene mwana wa Giredi 6 sayenera kuona, ndipo mawa adzayamba kupempha bandulo. Ubwino wa PSP kwa kholo ndi umbuli wake. Zimene waikamo ndi zomwezo.

Achimwene a ku Kapata, ine kwanga kuli Nintendo DS Lite, ija yopinda ya masikirini awiri, inachokera mu salaula pamodzi ndi zidole. Yathu sitinafulashe chilichonse. Ili ndi kakhadi kotchedwa R4 kolowa pomwe pamalowa gemu, ndipo m'kati mwa R4 mumalowa microSD. Ukachotsa R4, DS yabwerera mmene inalili. Ndikuuzeni chimene chinatizunguza mutu, mwina chithandiza wina wowerenga: tsiku lina inangokana, n'kulemba zoti deti ndi yolakwika kapena firmware yatha. Ena mwa ma R4 otsanzira anawaika tsiku lothera mwadala. Mphwanga anangobweza chaka m'mbuyo mu Settings ya DS, inayambanso kugwira. Mpaka lero DS yathu ikukhala m'chaka chakale, ana sadandaula.

Pempho langa ndi pa magemu amene mudzaikemo. Amene amadzaza makhadi m'misika amangothira chilichonse, ndipo ena mwa magemu otchuka a PSP ndi a magazi okhaokha, kudulana mitu, ena a kuba magalimoto ndi kuwombera apolisi. Pa bokosi pamakhala nambala ya zaka, 3, 7, 12, 16 kapena 18, koma pa fayilo sipakhala bokosi. Muziyamba mwatsegula nokha musanapatse mwana wa eni. Mayi akabwera kudzametetsa mwana n'kupeza akuonera zimenezo pa benchi yanu, kasitomala ameneyo mwataya, ndipo akauza anzake kutchalitchi.

Ndifunsenso a ku Katete, popeza tonse tikuzungulira nkhaniyi osaikhudza. Magemu odawuniloda amenewa si kuba? Ana anga a m'kalasi amandifunsa, ndipo ine sindifuna kuwayankha zonama.

Wometa_Kapata

Zikomo nonse. Amayi aphunzitsi mwandilankhulira, ndi zomwezo zimene ndimafuna kuuza Jay. Komanso foni pa benchi ya babashopu siingathe sabata, ilowa m'thumba la wina. PSP yakale yomanga ndi selotepu wakuba aiyang'ana kawiri.

A ku Katete, munalasa. Ndinatenga disiki ija kuiyang'ana pakhomo. Pulasitiki yoonekera ija inali itamatuka mbali imodzi, ukaidina ndi chala ikulowa m'kati n'kukhudza disiki. Ndinaikweza pang'onopang'ono ndi nsonga ya chipeso chachitsulo mpaka inabwerera m'malo mwake, n'kudontheza super glue pang'ono kwambiri m'mphepete ndi kamtengo ka machesi, disiki nditaikankhira kutali. Itauma ndinaiika. Inalira mosiyana, kulira kosalala, ndipo kachithunzi ka mpira kanatulukira. Drive imene inafa m'tauni ija yauka ku Kapata popanda ngwee.

Batire lotupa ndachotsa, lili m'chitini cha mchenga kuseri kwa shopu. Latsopano anandigulira dalaivala wa basi amene ndimamumeta, ku Lusaka. Palembedwa 2400mAh, ndikudziwa munanena, koma likugwira. Ndinalidzaza, ndinapanga update chaja ili m'malo, mtima uli m'mwamba poyang'ana kamzere kakuyenda. Pano pakuti 6.61, ndipo ARK yalowa. Mlongo wanga ndiye anagwira za laputopu, ine ndinali wowerenga malangizo anu mokweza.

Vuto latsopano ndi khadi. Ya 1GB ija ndi yochepa, ndiye ndinagula microSD ya 128GB kwa wina woyenda nazo m'manja, yotchipa modabwitsa, pamodzi ndi adaputa yoti ilowe mu PSP. Laputopu ikuonetsa 128GB. Zinthu zoyamba zimene tinaika, nyimbo ndi ma emulator, zikutseguka. Koma titawonjeza mavidiyo a ana ambiri, zomalizirazo PSP ikuti Corrupted Data, ndipo foda ina yasanduka mayina a zilembo zosawerengeka. Tafomata, tayambanso, n'chimodzimodzi. Ndi ARK yavuta, kapena adaputa? Ndipo analogi ija ikukokabe, wosewera amathamangira ku kona yekha.

Wamafoni_Katete

Akulu, nkhani ya disiki yandisangalatsa. Ndiye mwapeza mwayi, chifukwa drive yamoyo ndi imene ikupatseni gemu yanu pa khadi mwachilungamo. Ndibwerako.

Khadiyo ndi yabodza, ARK ilibe mlandu. Ili ngati thumba la makala la pamsewu, pamwamba akuluakulu, pansi fumbi. M'kati mwake mwina muli 8GB kapena 16GB, koma anaikonza kuti izinena 128GB kwa kompyuta iliyonse yoifunsa. Mukamaika zinthu, zoyamba zimakhala pa malo enieni. Malowo akadzaza khadi siikana, imangolandirabe n'kumataya, kapena kulemba pamwamba pa zakale. N'chifukwa chake zomalizira zikuonongeka ndipo kufomata sikuthandiza. Pali kapulogalamu kaulere ka pa Windows kotchedwa H2testw. Kamadzaza khadi yonse kenako n'kuwerenga kuti kaone zimene zabwerera. Kamachedwa, koma kamakuuzani kukula kwenikweni. Ine khadi iliyonse yolowa pa tebulo langa imayamba yadutsa pamenepo. Gulani ya 32GB m'sitolo yopereka lisiti, muiyese tsiku lomwelo. 32GB pa PSP ndi munda waukulu, poti UMD yodzaza kwambiri ndi 1.8GB ndipo magemu ambiri safika pamenepo. PSP imawerenga FAT32, ndiye muifomatire mu PSP momwemo monga poyamba. Adaputa ya khadi imodzi ndiyo yabwino, zija zolowa makhadi awiri zimavutavuta ndipo pulasitiki yake siichedwa kusweka.

Mukapeza khadi yeniyeni, ikani disiki, dinani Select pa menyu yaikulu, patuluka kamenyu kamene kanalibe kale. Pa USB Device sankhani UMD Disc, n'kulumikiza ku laputopu. M'malo moona khadi muona fayilo imodzi ya ISO, imeneyo ndi gemu yanu yonse. Ikopereni pa laputopu, bwezani USB Device pa Memory Stick, n'kuika fayiloyo mu foda ya ISO pamwamba penipeni pa khadi, osati m'kati mwa foda ya PSP. Disiki muisunge m'bokosi. Gemu ya pa khadi imatseguka msanga, ndipo batire limakhalitsa chifukwa mota ndi laser sizikugwira ntchito. Pa nkhani ya malaiti, gulaninso chingwe cha USB chokhala ndi kamutu kozungulira ka chaja ya PSP. PSP imadya 5V, ndiye power bank kapena kasola ka panyumba kamaiyendetsa bwinobwino.

Analogi yambani ndi zophweka. Kachipewa kake kamazuka mukakakoka ndi zikhadabo. Pansi pake mupeza fumbi, ndipo kwa inu ndikhulupirira mupezanso tsitsi. Pukutani ndi kaburashi kouma, dontho limodzi la spirit, muzungulitse, muisiye iume. Ikapitiriza ndiye kusintha kachipangizo konse, n'kotchipa koma kupezeka kwake n'kovuta kuno, ndipo pamafunika kutsegula nkhope ya PSP. M'katimo muli timalamba topyapyala ndi totsekera take timene timathyoka ukangotikanda molakwika. Imeneyo mubwere nayo, kapena mupatse munthu amene anatsegulapo.

Amayi aphunzitsi, funso lanu silothawa. Ine ndimaligawa pawiri. Kusintha chinthu chimene unagula ndi ndalama zako, kuikamo emulator, mapulogalamu aulere olembedwa ndi anthu wamba amene timati homebrew, kapena kukopera disiki yako kuti isaonongeke, pamenepo mtima wanga sundiimba mlandu. Kudawuniloda gemu imene sunagule ndi kutenga ntchito ya eni popanda kulipira, ndipo lamulo la copyright lilipo m'Zambia muno ngakhale anthu salilabadira. Anthu amati nanga tikagule kuti, poti PSP inasiya kupangidwa cha m'ma 2014 ndipo UMD yatsopano simungaipeze m'sitolo iliyonse kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama. Mfundo imeneyo ndi yoona ndipo ndimaimvetsa, koma siisandutsa chinthucho kukhala chako. Ine pa tebulo langa ndimalipiritsa ntchito ya manja, batire, sikirini, mabatani. Magemu sindigulitsa. Ana anuwo muwauze choncho, asankha okha akakula.

Jay_Navutika

Chabwino madala, mwawina, za disiki zija sindimadziwa. Ndibwereke ulusi wanu pang'ono. A ku Katete, msuweni wanga ali ndi Nintendo Switch, nayonso ndi mafayilo chabe ngati PSP? Akuti wina ku Lilongwe angamuchitire, akufuna kudutsa pa Mwami mwezi wamawa.

Wamafoni_Katete

Jay, Switch ndi nkhani ina, ndipo kumeneko chip ndi yeniyeni. Zoyamba zija za 2017 mpaka chapakati pa 2018 zili ndi chilema mu purosesa yake ya Nvidia Tegra X1, chimene update siingachitseke. Zimenezo zimalowedwa ndi kachipangizo kakang'ono kolowetsa mu njanji yolowa padi ya kumanja, imene amati Joy-Con, ndi chingwe cha USB. Zopangidwa pambuyo pake anakonza chilemacho ku fakitale. Switch Lite ya 2019 ndi OLED ya 2021 zonse zimafuna chip yowotcherera pa timalo tating'ono kwambiri, ntchito ya maikulosikopu, dzanja likanjenjemera bodi yapita. Aone serial number pansi pake, pa intaneti pali poyesera kuti adziwe ngati ili ya gulu loyamba.

Adziwenso kuti Switch idakali ndi mwini wake amene ali maso. Ikalowa pa intaneti ili yosinthidwa, Nintendo imatha kuitsekera kunja mpaka kalekale, osagulanso gemu pa eShop, sitolo yake ya pa intaneti, osaseweranso ndi anthu pa intaneti. PSP, DS, ngakhale 3DS imene eShop yake inatsekedwa mu 2023, zimenezo palibe chotaya. Pa Switch chotaya chilipo. Asanakwere galimoto afunse munthu wa ku Lilongweyo kuti wachitapo zingati za mtundu womwewo, ndipo aone imodzi ikugwira ntchito ndi maso ake.

Wometa_Kapata

Ndabweranso ndi lipoti. H2testw yaulula: khadi ija m'kati ndi yosakwana 16GB. Wogulitsa uja sindinamuonenso, anthu oyenda ndi katundu m'manja alibe adiresi. Ndagula ya 32GB m'sitolo, yadutsa mayeso, lisiti ndasunga. FIFA ya alamu tsopano ili pa khadi, disiki yapuma m'bokosi.

Pansi pa kachipewa ka analogi munali tsitsi ndithu, koma si la m'shopu mwanga chifukwa linali lakalekale lomatana ndi mafuta, la ku Johannesburg limenelo. Nditapukuta kukoka kwachepa kwambiri, kwatsala pang'ono ikatentha. Mpira ana akumenya ndi mabatani a mivi, sakudandaula.

Amayi aphunzitsi, malangizo anu ndatsatira. Pa khadi pali mpira, timagemu ta homebrew ta njoka ndi toponya mabuloko, ndi makatuni amene mlongo wanga anawachepetsa kuti akwane sikirini. Lamulo la pa benchi ndi loti amene ali pampando wometera sagwira, ndipo amene wagoletsedwa apereke kwa mnzake. Loweruka lapitali panabuka mlandu umene sindinauganizire: mwana wina nthawi yake yometa itakwana anakana kukwera pampando, akuti hafu sinathe. Akuluakulu nawonso ayamba, wanjinga wina anakhala mpaka kasitomala wake anakwera njinga ina.

Infinity sindinaike. Mwana wanga waphunzira kutsegula loader yekha m'mawa, ndiye sindikuona chifukwa chogwiranso flash.

Mafunso awiri otsala. Ndamva kuti ma PSP awiri amatha kusewera pamodzi popanda intaneti kapena bandulo, pa ad hoc, bola kaswitch ka WLAN, ka Wi-Fi kaja, ka pamwamba kakhale koyatsa. Ngati pali wina kuno ku Chipata, ku Chadiza kapena ku Katete amene ali ndi 2000 kapena 3000 yogona m'kabati, ngakhale yopanda batire, andilembere ku inbox tikambirane. Isakhale E1000 ija yotchedwa Street, ndawerenga kuti ilibe WLAN. Chachiwiri ndi chivundikiro cha batire, chakale chija chinapindika ndi kutupa kuja ndipo kadzino kake kanathyoka, moti selotepu idakalipo. A ku Katete, ngati muli nacho m'bokosi la zakufa mundisungire, ndidzatuma dalaivala uja adzatenge podutsa.